Lachitatu Ndi Tsiku Langa Lophika Phala

Lachitatu lililonse ndimadzuka tambala wachiwiri asanalire. Sikuti ndine wakhama kuposa amayi anzanga ayi, koma nkhuni za kuno ku Mulanje sizichedwa kunyowa, kaya ndi dzinja kaya ndi nthawi ya chiperoni, ndipo chimphika cha kusukulu ya ana sichiwira msanga ngati kapoto ka pakhomo. Ndimanyamula mthiko, kachitini ka mchere ndi kamtolo ka nkhuni, n'kulowa kanjira kodutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi. Nthawi imeneyo othyola tiyi amakhala ali kale m'njira, madengu kumsana, mapepala a pulasitiki m'chiuno poopa mame. Phiri limakhala litafunda mitambo mpaka m'munsi.

Ndikamafika ndimapeza ana awiri kapena atatu atakhala kale pakhonde la tchalitchi, makapu ali m'manja, mamina ali chuchuchu. Amenewa ndi ana a othyola tiyi aja. Amayi awo sangadikire kuti 8 koloko ikwane, chifukwa kapitawo sadikira munthu. Moni wa anawa ndi umodzi: "Azakhali, lero kuli phala?" Nkhope yanga sayiyang'ana n'komwe. Maso onse amakhala pa mthiko.

Mukanandiuza mu 2022 kuti tsiku lina ndidzakhala wophika phala kumkombaphala, wosalandira ngakhale tambala, ndikanati mukunditemberera.

Chaka chimenecho tinkakhala ku Bangwe, mu Blantyre. Ine ndinkagulitsa kaunjika, bambo a kunyumba ankayendetsa minibasi ya eni ake. Chisamba wathu, mtsikana, atangokwanitsa zaka zitatu tinakamulembetsa kunazale ina yolipira. Inali nyumba wamba ya zipinda zitatu, kunja atajambulako apulo ndi njovu, koma inali ndi yunifolomu, katayi ndi masokosi oyera, ndipo kwa ine zimenezo zinali zokwanira. Pasanathe miyezi iwiri mwana anayamba kulakatula. Ukangoti "Introduction!" iye n'kuima njoo, manja kumbuyo, n'kuyamba "My name is" mpaka kukathera pa dzina la Pulezidenti. Miyezi yonse ya pachaka m'Chingerezi, osapumira. Manambala mpaka 20. Ndinkamujambula pafoni n'kutumizira abale onse pa WhatsApp, ndipo wina akayankha kuti "koma mwanayu ndi mzungu ndithu," mtima wanga unkangoti myaa.

Tsiku lina kunabwera alendo, ndipo ndinamutuma kuti akatenge masupuni atatu. Anabwera ndi masupuni onse a m'nyumba, chipande chomwe. Ndinati, "Atatu, mwanawe, three!" Iye anangoima njoo, manja kumbuyo, n'kuyamba: "One, two, three, four, five…" Alendo anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka nawo monyadira. Sindinaone vuto lililonse pamenepo.

Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu, belo ya kaunjika inakwera, mpamba wanga unangosungunuka ngati mchere m'madzi. Chaka chikamatha bambo a kunyumba anaganiza zokayesa mwayi ku Joni, ine n'kulongedza katundu kubwerera kwa amayi, mbali ya ku Limbuli ukamalowera ku Muloza. Kwathu kuno mwana wamkazi sasowa pofikira, mudzi ndi wa amayi.

Sabata isanathe amayi anandiuza kuti, "Iwe, mwanayu azipita ndi anzake kumkombaphala. Asamangokukakamira chitenje tsiku lonse."

"Amayi," ndinatero ine, "mwana woti akuyankhula Chingerezi akakombe phala?"

Iwo anangondiyang'ana n'kupitiriza kusenda chinangwa chawo.

Dzina lenilenilo ndi limene linkandiwawa. Mkombaphala. Ukalimva, chimene chimabwera m'mutu ndi kamwana kosasamba kakuzunguliza chala m'kapu. A boma ndi a mabungwe amakonda kunena kuti sukulu za mmera mpoyamba, ndipo pamapepala amalemba CBCC, koma m'mudzi muno palibe amene amadzivutitsa nazo zimenezo. Ndi mkombaphala basi. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti sukuluzi sizili m'manja mwa Unduna wa Maphunziro, zili pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Boma linatulutsa ndondomeko yake yoyamba ya kakulidwe ka ana aang'ono mu 2003, koma maphunziro aulere aja anayamba mu 1994 amayambira Sitandade 1, mwana ali ndi zaka 6. Kutsika pamenepo, mudzi ndi umene umamanga chisakasa, kusonkha chakudya ndi kusankha anthu olera anawo.

Ine ndinakana, koma mwana sanandifunse maganizo. M'mawa wina ndili kumtsinje, anatenga kapu ya anganga ake n'kulondola msuweni wake. Nditabwerako ndinamusowa, ndipo ndinathamanga mtima uli phaphapha mpaka kuchisakasa kuja.

Chinali chisakasa cha udzu, makoma a njerwa zosaotcha ofika m'chiuno. Ndinaima panja n'kusuzumira. Munalibe bolodi, munalibe mipando. Ana anali mbwee pamikeka ndi pamatumba a feteleza osokedwa pamodzi. Pakona ina ena ankaumba ng'ombe zadongo. Pakona ina atsikana atabereka zitsononkho kumsana ankaphika masanje m'zitini. Ena ankasanja zitsekerero za mabotolo, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Kudenga kunali kulendewera makatoni odula atalembapo a, e, i, o, u ndi makala. Panja panali katungwe wa tayala ndi mpondagiya wosambira m'manja pafupi ndi chimbudzi. Phokoso lake ngati pamsika wa Limbuli. Mwana wanga, mzungu wanga uja, anali chikhalire pakati pa dongo, diresi lonse lili bii.

Olera ana analipo awiri. Onse timawatchula kuti madamu. Wamkulu ndi mayi wa ana anayi amene analekeza Fomu 2, ndipo ndi yekhayo amene anapitako kumaphunziro a masabata awiri a kaleredwe ka ana. Wamng'ono analekeza Sitandade 8 ndipo zonse anaphunzirira pamaso pa mnzakeyo. Madamu aakulu anatuluka kudzandilonjera, manja ali dongo lokhalokha. Ine moni ndinayankha mwachidule n'kufunsa chimene chinali kukhosi: "Kodi Chingerezi amaphunzira nthawi yanji?"

Sanakwiye. Anati, "Timaimbako nyimbo zake, achemwali. Koma taimani muone." Anaitana mwana wanga n'kumuikira mulu wa zitsekerero patsogolo. "Tenga zitatu upatse mnzakoyu." Mwana anatapa dzanja lodzaza. Madamu anamugwira kadzanja, n'kumatola naye chimodzichimodzi: chimodzi, ziwiri, zitatu, basi. Anabwereza ndi timiyala. Anabwereza ndi zala. Kachinayi mwana anatola yekha zitatu n'kuima, n'kuyang'ana madamu kumaso ngati wotola ndalama panjira. Madamu anatembenukira kwa ine. "Pakamwa manambala ali nawo ambiri. Tsopano akufunika atsikire m'manja."

Masupuni a ku Bangwe aja anandibwerera nthawi yomweyo, ndipo manyazi anandigwira. Miyezi yonse ija ndinkalipira fizi kuti mwana aphunzire nyimbo imene ine ndinkaiyesa masamu.

Pano ndisanamizire kuti ndinatembenuka mtima n'kudana ndi Chingerezi. Ayi. Makolo amene amachifuna si opusa. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, mayeso a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, ndipo ntchito ya muofesi sungaipeze ndi Chichewa chokha. Mayi amene wathyola tiyi zaka makumi awiri akamva mwana wake akuti "good morning," amaona khomo lotulukira m'munda wa tiyimo, ndipo ine sindingamuseke. Chimene ndimakana tsopano ndi kuyesa nzeru za mwana wa zaka zitatu ndi kutalika kwa ndakatulo imene waloweza. Mbalame ya chinkhwe nayonso imaloweza.

Pamsonkhano wa makolo wotsatira, anthu atamva kuti ndinafika Fomu 4 ndiponso ndili ndi foni ya intaneti, anandisankha kukhala mlembi wa komiti ndisanatsegule pakamwa. Anandipatsa kope lakale la mizere, chikuto chitang'ambika, ndi bolopeni yomangirira ulusi. M'kope limenelo ndi mmene ndinaphunzira mmene sukuluyi imayendera.

Imayendera mphika. Tsiku limene utsi wafuka kukhitchini, maina amene ndimachonga amapitirira 50. Tsiku limene sunafuke, ukapeza ana 15 ndi mwayi, ndipo ambiri mwa iwo ndi aja amayi awo alibe kowasiya. Ana amaona utsi ali kwawo. Poyamba zimenezi zinkandikhumudwitsa, ndinkati ndiye kuti dzina lija n'loona, amangobwerera phala. Madamu aakulu anandiseka. "Nanga inu kumaliro mumakhala mpaka madzulo popanda nsima?" Ndiye anandionetsa ndi chibwano kamnyamata kena kamene tsiku lililonse kamafika n'kukhala phee pakona, osasewera, osayankhula, mpaka katamwa phala. Kakatha kumwa, mphindi zochepa zokha, ndi kamene kamatsogolera phokoso. Kwawo m'mawa sasonkha moto. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Nambala imeneyo ndinkangoimva pawailesi. Kuchisakasa kuja ndinaiona ndi maso: mwana wa zaka zisanu msinkhu ngati wa zitatu.

Phala lathu ndi la mgaiwa. Zinthu zikakhala bwino timasakaniza mbale zinayi za chimanga ndi imodzi ya soya wokazinga tisanapite kuchigayo, monga mmene amapangira Likuni Phala, kapena timathira nsinjiro. Alangizi a zaumoyo akabwera kudzachititsa sikelo amatikumbutsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo nthawi zina timasinja masamba ouma a chisoso kapena bonongwe n'kuwazamo pang'ono. Shuga ndi mlendo. Akapezeka, ana amadziwa ndi supuni yoyamba, ndipo nkhani imafika m'mudzi monse dzuwa lisanafike pamutu.

Kuphika phala la ana 50 kuli ndi luso lake. Madzi afunde kaye, ufa uusungunule m'beseni ndi madzi ozizira, ukathira usasiye kutakasa ngakhale utsi ukulowe m'maso, apo ayi pansi papserera ndipo ana, ngakhale anjala, phala lonunkha chipsereza amalidziwa. Ukaphula ulisiye lipole, chifukwa kamwana ka zaka zitatu sikadziwa kuuzira. Kenaka mzere kumpondagiya, aliyense aponde kamtengo asambe m'manja, ang'onoang'ono patsogolo. Mzere umenewu poyamba ndinkauona ngati chabe. Koma taganizani mwana wanjala, phala akuliona, n'kuima kudikira kuti mnzake wamng'ono ayambe. Akuluakulu angati amene amatha zimenezo pogula feteleza?

Vuto ndi ufa. Tinagwirizana kuti banja lililonse lizisonkha mbale imodzi ya chimanga pamwezi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti zimatheka. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, pamene mabanja ena akugonera mango osapsa owiritsa kapena kalongonda wophika tsiku lonse, ungapite bwanji pakhomo pa munthu ndi kope kukafunsa mbale ya chimanga? Ndinapitako kamodzi. Mayi wa pakhomopo sanayankhe kanthu, anangolowa m'nyumba n'kutulutsa thumba lopanda kanthu, n'kulikutumula pamaso panga. Ndinabwerera kope lili kukhwapa. Mawa lake mwana wake sanabwere, chifukwa cha manyazi a amayi ake, ndipo zinatitengera sabata kumunyengerera kuti abwerere. Kuchokera pamenepo tinasintha: amene alibe chimanga abweretse nkhuni, atunge madzi, kapena akalime kumunda wa sukulu.

Munda wa sukuluwo musauganizire kukula. Kuno malo ndi ochepa. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo lero ukaima pachulu n'kuyang'ana, kubiriwira konse kokongola kumene alendo amajambula ndi kwa makampani. Ife timapanikizana m'mphepete. Amfumu anatipatsa kadimba m'mbali mwa khwawa, kokwana mizere yowerengeka ya chimanga, soya ndi mbatata ya kholowa. Pa tsiku lolima amabwera ndi amayi. Abambo amene amafika ndi awiri kapena atatu, omwewomwewo. Bambo wina nditamufunsa anandiyankha kuti, "Mlongo, ine ndikalime kuti mwana azikasewera ndi dothi? Dothi kwathu kulibe?" Mwana wakeyo ndi amene amaumba galimoto zadongo zokhala ndi matayala ozungulira pa kamtengo, moti anzake amachita kupangana mzere kuti awaumbireko. Bambo ake sanazionepo.

Ndiye kunabwera Freddy.

Za namondwe ameneyu, amene anatigwera mu Malichi 2023, aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake, ndipo zambiri ndi zolemera kuposa yanga. Mvula inagwa usana ndi usiku osalekeza. Usiku tinkamva phiri likulindima, miyala ikugubuduka, ndipo amayi, amene amakumbukira za madzi osefukira a ku Phalombe mu 1991, anangoti, "Napolo ameneyo," n'kutiuza kuti tisagone. Mitsinje ya Ruo ndi Muloza inasefukira, misewu inaduka, boma linatseka sukulu m'maboma a kum'mwera kuno, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ife nyumba yathu inapulumuka. Chisakasa cha ana chinagwa chonse. Makatoni a zilembo anasanduka phala, zitsekerero zimene madamu anatola zaka zambiri zinapita ndi madzi, kadimba kathu kanakwiririka ndi mchenga. Chimphika chokha ndi chimene chinatsala, chifukwa chinkagona kwa amfumu.

Patapita masabata angapo madamu aakulu anayamba kuyenda khomo ndi khomo kuitana ana. Ena tinkati adikire kaye, anthu akadali pachisoni. Iwo anati ana akangokhala m'nyumba kumamvera akuluakulu akukamba za mitembo, mitu yawo siikhala bwino. Tinayambiranso pansi pa mtengo wa mango, popanda phala, popanda chilichonse.

Sabata yoyamba ija sindidzaiiwala. Kamtambo kakangodutsa, ana ena ankayamba kulira kufuna amayi awo. Mtsikana wina amene kale anali wolongolola anasiyiratu kuyankhula. Ndiye tsiku lina ndinapeza kagulu kataumba timanyumba tamatope m'munsi mwa chulu, timbuzi, tianthu ta timitengo. Mnyamata wina anakwera pachulupo ndi chitini cha madzi n'kukhuthula akufuula, "Napolo! Napolo! Thawani!" Timanyumba tonse tinakokoloka, anzake akukuwa. Kenaka anayambanso kuumba. Thupi langa linachita tsembwe. Ndinanyamuka kuti ndikawaletse, ndikawauze kuti zimenezo si zoseweretsa, koma madamu anandigwira mkono.

"Asiyeni, achemwali. Inu mumakamba pamaliro, mumakamba kumjigo. Awa akakambire kuti?"

Anasewera napolo masiku ambiri, mobwerezabwereza, mpaka ine kutopa nazo. Koma ndinayamba kuona kusintha. Tsiku lina wina anatola tianthu tija madzi asanafike n'kutithawitsira pamwamba. Tsiku lina anakumba ngalande kuzungulira timanyumba. Mtsikana wosayankhula uja ndi amene ndinamumva akulamula anzake kuti, "Mangani kuno, uko kumabwera madzi." Amenewo anali mawu ake oyamba kuwamva ine chichitikire ngoziyo. Patapita nthawi sewerolo linangozilala lokha, anabwerera ku masanje ndi phada. Mayi wa Fomu 2 uja anadziwa chinthu chimene ine, ndi satifiketi yanga, ndikanachiononga ndi kukalipa kumodzi.

N'chifukwa chake nkhani ya malipiro imandiwawa. Amayi awiriwa amagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11, masiku asanu pasabata. Amapukuta mamina, amasambitsa amene wadzionongera, amaletsa ndewu, amazindikira mwana amene akudwala malungo mayi ake asanadziwe. Malipiro awo ndi "zikomo" ndi kasopo kamene komiti imagula ikatolera tindalama, mwina kamodzi pa miyezi itatu. Timawatchula kuti ongodzipereka, ndipo mawuwo timawanena mokoma ngati ulemu. Ine ndimaona kuti ndi mawu amene tonse, kuyambira m'mudzi mpaka ku Lilongwe, timabisalako kuti tisalowetse dzanja m'thumba. Dzinja likafika, tiyi akaphuka kwambiri ndipo kuesiteti akulemba anthu aganyu, madamu aang'ono amatisiya n'kukasenza dengu. Chaka choyamba makolo ena anadandaula kuti alibe chikondi ndi ana. Ndinawafunsa kuti ana ake iwo adya chikondicho? Miyezi imeneyo madamu aakulu amatsala okha ndi ana onse aja, ndipo wophika wa tsikulo ndi amene amathandizira. Ndi mmene inenso ndinaphunzirira kuimbitsa nyimbo ndi mthiko m'manja.

A mpingo anatibwereka khonde ndi kachipinda ka kumbuyo kwa tchalitchi, ndi pamene tili mpaka lero. Njerwa za chisakasa chatsopano tinaumba, tinaotcha, zili pa uvuni zikudikira malata. Zitsekerero tinatolanso. Ndinalengeza kubanki m'khonde kuti aliyense akamwa chakumwa asataye chotsekera, ndipo wagolosale wina wa pamsewu amatisungira m'kachitini.

Koma munthu amene sukuluyi yamusintha kwambiri pakhomo pathu si mwana wanga. Ndi amayi.

Zinayamba ndi madamu kupempha kuti Lachisanu lililonse kuzibwera agogo mmodzi kudzasimba nthano. Amayi anakana, amati nthano sasimba usana. Madamu anawanyengerera mpaka analola. Tsiku loyamba anavala chilundu chawo cha kutchalitchi, anakhala pampando wa ndalema, n'kuti, "Padangokhala!" Ana onse: "Tili tonse!" Ine ndinali kukhitchini, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire kuphika kumeneko ndinamva ana 50 ali zii. Itatha nthano anayamba ndagi. "Ndagi!" "Gize!" "Nyumba ya amayi anga yopanda khomo." Ana anatchula chulu, anatchula mphika, wina anati chimbudzi, mpaka kamnyamata ka pakona kaja kanati, "Dzira!" Amayi anakanyamula m'mwamba ngati kapambana chisankho.

Nyimbo za m'nthano zawo zambiri ndi za Chilhomwe. Ine Chilhomwe ndimangomva pang'ono, kuyankha sinditha, ndipo anzanga ambiri a msinkhu wanga ndi chimodzimodzi. Timachikumbukira mu Okutobala anthu akamapita ku Chonde ku Mulhako wa Alhomwe, tikavala zitenje n'kuonera tchopa, kenaka timachipindanso n'kuchiika m'sutikesi. Tsopano mwana wanga amabwera kunyumba akuimba mawu amene ine sindiwadziwa tanthauzo, n'kumafunsa anganga ake, awiriwo n'kumandiseka. Kumeneko ndiye kusekedwa kumene sindidandaula nako.

Amayi sanapiteko kusukulu. Anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana, ndipo moyo wawo wonse pepala lililonse, la malipiro, la chisankho, la ngongole, amadinda chala. Kangapo konse alangizi a chitukuko anawaitanira kusukulu ya kwacha, iwo ankati, "Ndikakhale pabenchi ndi imvi zangazi kuti adzukulu azindiseka?" Koma Lachisanu akatha nthano sankachoka msanga. Ankakhala kumbuyo, amati akudikira mdzukulu. Nthawi imeneyo ndi imene madamu amatulutsa ana akuluakulu, a zaka zisanu, kukalemba pamchenga ndi chala. Tsiku lina ndikutsuka chimphika ndinaona amayi atawerama, chala chili pansi pambali pa phazi lawo. Atandiona anafufuta msangamsanga ndi chidendene. Sindinanene kanthu.

Madzulo ena ndinawapeza kuseri kwa khitchini ndi mdzukulu wawo, phulusa atalisalaza pansi. Mwana ndiye anali madamu, kamtengo m'manja, mawu ake enieni a madamu aakulu. Dzina la amayi limayamba ndi E, ndipo iye ankawauza kuti, "Anganga, E ndi chipeso cha mano atatu. Jambulani msana kaye. Tsopano mano. Limodzi, awiri, atatu, basi!" Basi yemwe uja wa zitsekerero.

Mu Sepitembala 2025 mwana wanga anayamba Sitandade 1. Kalasi yake ili ndi ana opitirira 100, mphunzitsi mmodzi, ambiri amakhala pansi. Tsiku loyamba pakhomo la kalasi panali chilirolire, ana akukakamira zitenje za amayi awo. Aja a kumkombaphala kwathu analowa okha, atagwirana manja, n'kukakhala kutsogolo. Amadziwa kugwira pensulo, amadziwa kuimika dzanja akafuna kupita kuchimbudzi, amadziwa kuti buku amatsegula kuchokera mbali iti. "Introduction" ija anaiiwala yonse, ndinamuyesa tsiku lina anangondiyang'ana ngati ndayamba misala. Koma ukamutuma mazira anayi kugolosale, amabwera ndi anayi, ndi chenji cholondola.

Ine ndikanatha kusiya kuphika, poti wanga anatuluka. Koma dzina langa pa ndandanda ya ophika palibe amene analifufuta, ndipo kope lake ndimasunga ndine.

Mwezi wathawu kubanki m'khonde amayi anatenga kangongole koti aonjezere mpamba wa zinanazi. Mlembi wa gulu, monga mwa masiku onse, anawasunthira kabokosi ka inki kuti adinde. Iwo anakakankhira pambali n'kuti, "Tandibwereke cholemberacho." Bwalo lonse linati zii. Anapukuta dzanja pachitenje, anagwira bolopeni ngati akugwira singano, anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda kope. Zinatenga nthawi moti wina anayamba kutsokomola. Atamaliza anaweramuka, thukuta lili pamphumi, amayi anzawo n'kuyamba nthungululu.

Mdzukulu wawo, amene anali chikhalire pambali pawo nthawi yonseyo, anasuzumira m'kopemo n'kukwinya nkhope.

"Anganga, chipeso chanu chachuluka mano. Mwaika asanu."

Amayi anabweza bolopeni kwa mlembi, anamanga ndalama zawo pa mfundo ya chitenje, n'kumuyang'ana.

"Iwe, dzina ndi langa ili. Ndikafuna ndionjezera lina."